Zimene agalu awiri opulumutsidwa andiphunzitsa pa luso lojambula

Kujambula zithunzi ndi pensulo ndi makala si ntchito imene imandidyetsa. Ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa zipangizo zomangira nyumba kuno ku Johannesburg, ndipo pepala ndimaligwira madzulo ndikaweruka, komanso Lamlungu masana tikabwera kutchalitchi. Kale ndinkajambula nkhope za anthu ndi makonde a nyumba zakale za ku Rosettenville kumene ndimachita lendi, koma chitengereni agalu awiri kumalo osungirako ziweto zosowa mwini, mabuku anga ojambulamo adzaza ndi miyendo, makutu ndi michira. Ndaganiza zolemba zimene ndaphunzira kufikira pano, makamaka mfundo imodzi imene yandikhazikika mumtima, yakuti munthu sangajambule galu molondola asanaphunzire kuwerenga zimene thupi la galuyo likunena, ndipo kuwerengako kumayambira pa mafupa.

Galu woyamba ndinamutcha Fumbi. Ndi wamkazi, wofiirira, wamiyendo italiitali, woonda m'chiuno, wa mchira wopindikira m'mwamba, ndendende agalu amene tinakula nawo kumudzi, aja ankadya nsima ya madeya ndi kutsogolera anyamata ku uzimba. Kuno ku South Africa agalu otere amawatcha Africanis, ndipo mu 1998 kunakhazikitsidwa bungwe lowateteza monga mtundu wa agalu wa kuno kwathu, umene sunachite kusankhidwa ndi oweta agalu a pachionetsero koma unakhwima wokha pakati pa anthu, dzuwa ndi nkhupakupa. Wachiwiri ndi Mdima, wamphongo, wakuda bii, wojintcha, amene anamupeza atamangidwa pa unyolo waufupi kuseri kwa nyumba ina, ndipo mpaka lero pakhosi pake pali mzere pamene ubweya sumera. Lamulo loteteza ziweto la dziko lino, limene linakhazikitsidwa mu 1962, limaletsa kumanga chiweto mwa njira yochizunza, ndipo ndi lamulo limeneli limene linamuchotsa pa unyolowo. Asanandipatse agaluwa, osamalira ziweto anabwera kudzaona mpanda ndi malo ogona, anafuna chilolezo cha eni nyumba, ndipo agalu onse awiri anandipatsa atawabaya katemera, atawatseka kuti asabereke, komanso atawaika kachipangizo kakang'ono pansi pa khungu kowazindikiritsa akasochera.

Phunziro limene landitengera nthawi yaitali kuposa onse ndi la mwendo wakumbuyo. Galu saponda pansi ndi phazi lonse monga munthu, amayendera zala zokha. Chimene anthu ambiri amachiyesa bondo lopindikira kumbuyo ndi chidendene, chimene chili m'mwamba ndipo sichikhudza pansi pokhapokha galuyo akakhala. Bondo lenileni lili pamwamba, pafupi ndi mimba, lobisika m'minofu ya ntchafu, ndipo limaloza kutsogolo monga la munthu. Wojambula amene sanamvetse zimenezi amatulutsa galu wamiyendo yonga ya tebulo, ngakhale atakongoletsa ubweya chotani. Ine tsopano ndimayamba ndi timizere titatu tokhotakhota, kuchokera m'chiuno kufika pabondo, kuchokera pabondo kufika pachidendene, ndi kuchokera pachidendene kufika ku zala, ndipo mnofu ndi ubweya zimabwera pambuyo, monga mmisiri amayamba wamanga phaso asanafolere udzu. Kutsogolo nakonso kuli zake. Galu alibe fupa lolimba lolumikiza phewa ndi chifuwa monga lathuli, choncho phewa lake limagwiridwa ndi minofu yokha ndipo limatsetsereka pamwamba pa nthiti akamayenda. Ndikaika dzanja paphewa la Fumbi iye akuyenda pang'onopang'ono pambali panga, ndimalimva fupalo likupita kutsogolo ndi kubwerera, ndipo chimene dzanja lamva, pensulo sivutika kuchikumbuka. Nthiti za galu zilipo 13 mbali iliyonse, ndipo Fumbi atangobwera kumene zinali zotheka kuziwerenga ndi maso, chinthu chimene chinandipweteka mtima ngakhale chinandiphunzitsa kumene chifuwa chimathera ndi kumene mimba imayambira.

Pofuna kumvetsa kayendedwe ndinathandizidwa ndi zithunzi za Eadweard Muybridge, amene m'zaka za m'ma 1880 anajambula nyama zikuyenda ku University of Pennsylvania pogwiritsa ntchito makamera ambiri ondandalikidwa mu mzere. Zithunzizo zinasindikizidwa mu 1887 ndipo zimapezeka pa intaneti. Mmenemo ndinaona kuti galu akamayenda mwaulesi miyendo imatsatizana motere: wakumbuyo wakumanzere, wakutsogolo wakumanzere, wakumbuyo wakumanja, wakutsogolo wakumanja, koma akayamba kuthamanga pang'ono, mwendo wakutsogolo umanyamuka pamodzi ndi wakumbuyo wa mbali inayo. Ndikapita ndi agalu anga ku paki ya Delta Park ndimakhala pansi n'kumayesa kuona zomwezo ndi maso anga.

Koma mafupa pawokha sanena kanthu mpaka munthu atadziwa kumene galu waika kulemera kwake. Galu wodekha akaima, pafupifupi magawo 60 pa 100 a kulemera kwa thupi lake amakhala pa miyendo yakutsogolo. Mdima atangofika sankaima choncho. Thupi lonse ankalikokera kumbuyo, mutu ankautsitsa mpaka kukhala m'munsi mwa mzere wa msana, mchira ankaupanikiza pakati pa ntchafu, ndipo ankatembenuza nkhope kumbali uku diso likundiyang'anabe, moti mbali yoyera ya diso inkaoneka. Ankanyambita mphuno kawirikawiri ndi kuyasamula popanda tulo, zimene ndinadzawerenga pambuyo pake kuti ndi zizindikiro za nkhawa. Apa ndi pamene ndinakumana ndi vuto limene wojambula maluwa kapena nyumba sakumana nalo. Kujambula n'kuyang'anitsitsa, pamene kwa galu, makamaka amene anazunzidwapo, munthu womuyang'anitsitsa m'maso ndi munthu amene akumuopseza. Choncho ndinaphunzira kukhala pansi cham'mbali, phewa langa litaloza kwa iye, maso anga ali pa zikhatho zake kapena pa mzere wa msana, ndi kumuba ndi diso kamphindi kochepa kenako n'kubwerera ku pepala. Njira imeneyi inandikakamiza kusunga chithunzi m'mutu ndi kujambula mzere umodzi wautali m'malo mwa timizere tambirimbiri tokayikira, ndipo ndikukhulupirira kuti dzanja langa linalimba chifukwa cha mantha a galu ameneyu.

Ndimalemba mwezi pansi pa chithunzi chilichonse, ndipo ndikatsegula masamba motsatizana, kuchira kwa Mdima kumaoneka mu mzere wa msana wake. M'masamba oyambirira msana uli wokhota ngati akudikira ndodo, pakati ukuwongoka, ndipo m'masamba aposachedwa mutu wakwera pamwamba pa mapewa ndipo miyendo yakutsogolo yayamba kusenza thupi monga iyenera. Palibe tsiku limodzi limene ndinganene kuti anasinthira, koma mapepala anasunga zimene maso a tsiku ndi tsiku sakanaziona.

Galu wakuda ali ndi vuto lakelake pa pepala, chifukwa ukamuthira makala thupi lonse amasanduka chithunzithunzi chopanda maso kapena minofu. Njira imene yandithandiza ndi yopaka makala pepala lonse poyamba, kenako n'kumachotsa ndi chofufutira chofewa malo amene kuwala kwagwa, monga pamwamba pa mphuno, pa nsidze, paphewa ndi m'mphepete mwa ntchafu. Nyengo yozizira ya kuno ndi yabwino pa ntchito imeneyi. Johannesburg ili pamalo okwera mamita oposa 1,700 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi kumwamba kumakhala kopanda mtambo, mpweya uli gwa, dzuwa likuwala mwamphamvu ngakhale udzu utayera ndi chisanu m'mawa. Agalu onse awiri amakagona m'mbali mwa khoma limene dzuwa limayamba kuwomba, ndipo pamenepo ndi pamene ndinaona kuti ubweya wakuda si wakuda ponseponse, pamsana umatenga kubiriwira kwa thambo, pamene m'mimba umatenga kufiira kwa njerwa za pansi. Utoto wa madzi umauma msanga kwambiri mu mpweya woterewu, choncho ndimasakaniziratu mitundu yonse ndisanakhudze pepala. Nyengo ya mvula imabwera ndi mabingu a madzulo amene mzindawu umadziwika nawo, kuwonjezera apo makombola a zikondwerero a mu Novembala ndi a usiku wolowa chaka chatsopano. Nthawi zimenezo Mdima amalowa pansi pa bedi, ndipo ine sindijambula, ndimatseka makatani, kuyatsa wailesi ndi kukhala naye pafupi.

Ntchito yoyamba imene luso limeneli landipatsa ndi yojambula agalu amene akudikirabe mabanja kumalo kumene ndinatenga anga, kuti zithunzizo aziika pa zikwangwani ndi pa Facebook. Pankhani imeneyi ndili ndi maganizo olimba. Zithunzi zambiri za agalu osowa mwini zimawaonetsa ali kuseri kwa mawaya, maso ali mwaa, kuti woona agwidwe chisoni. Ndikumvetsa kuti malo amenewa amadalira zopereka ndipo chisoni chimatsegula matumba, koma munthu amene watenga galu chifukwa cha chisoni chokha sadziwa kuti watenga galu wotani, ndipo ena mwa agalu otere amabwezedwa. Ine ndimapempha kuti galu amutulutse pabwalo, ndimadikira mpaka atanunkhiza mokwanira ndi kuiwala kuti ndilipo, ndipo ndimajambula kaimidwe kake ka nthawi imeneyo. Ngati ndi wamanyazi, manyaziwo aoneke, ngati ndi wopupuluma wofuna bwalo lalikulu, zimenezonso zioneke, pakuti banja limene likamusunge kwa zaka khumi kapena kuposerapo liyenera kuuzidwa zoona.

Ntchito yachiwiri, imene ili pamtima panga kwambiri, ndi kabuku ka zithunzi ka m'Chichewa ka ana a mumpingo wathu ndi makolo awo. Amalawi ambiri kuno ku Joni amagwira ntchito m'minda ya maluwa ndi m'nyumba za anthu ku Randburg, ku Sandton ndi madera ena, kumene amakhala tsiku lonse ndi agalu a mabwana awo, pamene ambiri mwa iwo anakula akuopa agalu. Mantha amenewo si a chibwana, chifukwa chiwewe chinaliza mabanja ambiri kwathu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi matendawa chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya katemera agalu pafupifupi 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 ogwira ntchito, potsatira mfundo yakuti agalu 70 pa 100 alionse akalandira katemera, matendawa amasowa podutsira. Kuno ku South Africa lamulo limafuna kuti galu abayidwe katemerayu akakwana miyezi itatu, abayidwenso chaka chisanathe, ndipo kenako pakatha zaka zitatu zilizonse. Kabukuka kakunena zimenezi mwachidule, komanso kakuphunzitsa kuti munthu akalumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira, chifukwa zizindikiro za chiwewe zikangoyamba kuoneka, kuchira kumakhala kosatheka pafupifupi nthawi zonse.

Mbali yaikulu ya kabukuka ndi zithunzi zophunzitsa mwana kuwerenga galu, ndipo apa ndi pamene phunziro la mafupa ndi kulemera lagwira ntchito yake yeniyeni. Mwana ayenera kudziwa kuti galu wogwedeza mchira si nthawi zonse amakhala wokondwa: ngati mchira waima njo ndipo ukugwedezeka mouma, thupi lonse latsamira kutsogolo ndipo pakamwa patsekeka, ndi bwino kuima chilili, manja ali pachifuwa, maso ali pansi, osathamanga ndi osakuwa. Kuti ndione ngati zithunzizo zikulankhula zokha, ndinazionetsa kwa ana a Sande sukulu popanda mawu, n'kuwafunsa galu amene angamuyandikire ndi amene angamusiye. Tsiku lomwelo bambo ena achikulire ochokera ku Dedza, amene anasakapo ndi agalu ali mnyamata, anayang'ana chithunzi cha Fumbi nthawi yaitali n'kunena kuti, "Aphwanga, galu wa mtundu uwu mukamamujambula muziyambira pa mphuno, chifukwa thupi lonse limatsatira kumene mphuno yaloza, ndipo makutu ndiwo amakuuzani zimene waganiza miyendo isananyamuke." Ndinawathokoza, ndipo chiyambire pamenepo ndatsegula masamba a makutu okhaokha: oimirira, ogonera kumbuyo, ndi aja limodzi latcheru linalo lagwa.

Chimene ndikulimbana nacho pakalipano ndi kasindikizidwe. Ndalama zimene tasonkhana mumpingo zingokwanira fotokope ya zoyera ndi zakuda pa mapepala a A4 opinda pakati, ndipo makina a fotokope amameza mithunzi yopepuka yonse imene makala amapereka, n'kusandutsa malo odera kukhala chidontho chakuda. Motero zithunzi zonse ndikuzijambulanso ndi inki, ndi mizere yochepa yonenepa, ndipo Mdima ndikuphunzira kumuonetsa kuti ndi wakuda mwa kudetsa mbali zina za thupi n'kusiya pepala loyera pa nsidze, paphewa ndi pa mzere uja wa pakhosi. Tsamba lotsuka bala likufuna manja a mwana ali pansi pa mpopi, ndipo manja a munthu ndi phunziro lina limene ndangoliyamba kumene, choncho mwana wa achemwali anga wavomera kumabwera Loweruka kuti adzandigwirire sopo pampopi wa panja ine ndikujambula. Cholinga chathu n'chakuti kabukuka kakhale katatuluka pofika pa 28 Seputembala, tsiku limene dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe.