Za jezi za pinki zija, imvani kwa mwini wake

Popeza chithunzi chija cha timu yathu itavala jezi za pinki chazungulira kale pa WhatsApp kuyambira ku Mbare mpaka ku Mufakose muno mu Harare, bola ndifotokoze ndekha anthu asanathiremo mchere wambiri. Inde, ndinachapa ndine.

Koma tiyambe ndi amene anasankha zoyera. Timu yathu ya mpira wa masosho, ya ife Amalawi a kuno ku Zimbabwe, pakhomo imavala zofiira, ndiye nkhani ya jezi zovala koyenda itabuka, msonkhano unafika mpaka mdima. Wina atatchula zabuluu, a Maule onse, ochemerera Bullets aja, anadzambatuka, amvekere, "Ife tivale mtundu wa Noma? Bola tisewere chifuwa pamtunda!" Wina anati zobiriwira. Anyamata obadwira konkuno, amene mtima wawo uli ku Dynamos, anati zimenezo n'za adani awo a CAPS United, sangayende nazo mu Mbare masana. Kunatsala zoyera basi, ndipo ndalama anandipatsa ine chifukwa akuti ndine munthu wosamala.

Ndinakazipeza pa kaunjika ku Mupedzanhamo, jezi 16, zoyera mbee. Vuto linali fungo la belo lija. Tsono madzi kwathu anabwera 2 koloko usiku, bafa ndili nalo limodzi. Mukanatani inu? Ndinathira madzi otentha, n'kuponyamo jezi, n'kuponyamonso masokosi ofiira atsopano. Mumtima ndinati zigone limodzi, n'za timu imodzi.

M'mawa ndinamva mayi a kunyumba akuitana mwaulemu wokayikitsa: "Bambo a ana, tadzukani mudzaone maluwa anu."

Abale anga, zikanakhala pinki wofanana ndikanati ndi sitayilo. Koma jezi iliyonse inasankha njira yakeyake. Nambala 4 inali poloni weniweni, wongosowa buledi. Ya akaputeni inatuluka ngati kamwana ka mbewa kongobadwa kumene, kaja kopanda ubweya. Nambala 9 ndiye ndinaima nayo nthawi yaitali: kumsana kunali banga lalitali lotsetsereka ngati Nyanja ya Malawi, ndi kadontho koyera kumbali. Likoma ameneyo. Ndinaitembenuza, ndinaiunika padzuwa, ndinainunkhiza ngati fungo lingabweze mtundu. Mwana wa aneba anafunsa ngati tikukonzekera ukwati.

Nthawi inali itatha, kombi ya ku Chitungwiza ikudikira. Ndinazipinda mwakachetechete m'chikwama, n'kukhala pamwamba pake ulendo wonse.

Titazitulutsa pabwalo, akochi sanakalipe. Anangovula chipewa, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, tinakulakwirani chiyani?" Ine ndinawakumbutsa kuti Juventus inayamba ndi pinki isanasinthe kupita ku zakuda ndi zoyera mu 1903, komanso kuti Messi amavala pinki ku Inter Miami. Wina kumbuyo anati, "Messi amachapa yekha?"

Choipitsitsa n'chakuti eni bwalo anali atavala zofiira, chomwe tinagulira jezi zinazi. Thukuta litayamba, pinki wathu anada n'kuyamba kufanana ndi zawo. Wotchinga kumbuyo wathu anapatsira mdani mpira bwinobwino, n'kumuuzanso kuti athamange. Mu 1996 Manchester United inavula jezi zotuwa pa hafu ku Southampton ikugonja 3-0, Alex Ferguson akuti osewera sankaonana. Ifenso sitinkaonana, koma m'chikwama munalibe china chosinthira kupatula masokosi aja, amenenso anali atasuluka.

Tinadya zinayi kwa duu. Chigoli chachitatu si cha jezi, goloboyi anali atavala zachikasu ndipo mpira unamudutsa pakati pa miyendo, koma zimenezo palibe akuzitumiza pa WhatsApp.

Kale ochemerera a kumeneko ankatikuwiza kuti Mabhurandaya, dzina limene amatchulira Amalawi kuno. Tsopano akuti ndife Mapoloni, ndipo amalume ena akuti dzina latsopanoli likumveka bwinoko. Msungichuma akufuna ndibweze ndalama. Ndamuuza kuti jezi zilipo zonse, kupatula nambala 9, imene mwana wanga wamkazi wakana kubweza. Akugonera.