Mmene ndinathetsera vuto la kanema woimaima pa smart TV yanga

Vuto lake linali lotere: filimu ikuyenda bwinobwino, mwadzidzidzi chithunzi n'kuima, kabwalo kaja n'kuyamba kuzungulira pakati pa sikirini. Ikayambiranso, nkhope za anthu zinkachita chimbuuzi, kenako n'kuwala, posakhalitsa n'kuimanso. Chimene chinkandibowa kwambiri n'chakuti filimu yomweyo pa foni, m'nyumba momwemo, pa Wi-Fi yomweyo, inkayenda osajejema. Aliyense ankangoti "netiweki yavuta" n'kukhala phee kudikira. Koma netiweki yake iti? Pakati pa kampani ya intaneti ndi chithunzi chimene mukuona pali magawo atatu: laini yobwera m'nyumba, Wi-Fi ya m'nyumbamo, ndi TV yeniyeniyo. Ndinaganiza zoyesa gawo lililonse palokha.

Choyamba ndinafuna kumvetsa chimene chimachitika kabwalo kaja kakamazungulira. Mapulogalamu monga YouTube ndi Netflix satumiza filimu yonse nthawi imodzi. Amaiduladula m'tizigawo ta masekondi ochepa, ndipo TV imakoperatu tizigawo tingapo n'kutisunga isanationetse. Zili ngati ndowa yothiridwa madzi pamwamba pamene pansi pake pali mpopi wotsegula: bola othiridwawo azichuluka kuposa otuluka, mpopi suuma. Intaneti ikafooka, pulogalamu imayamba yatsitsa kaye kuwala kwa chithunzi kuti tizigawoto tichepe kulemera, ndiye chimbuuzi chija. Zikakanikabe, zosungidwa zija zimatha ndipo kanema amaima. Choncho chofunika si liwiro lalikulu la kamphindi, koma liwiro lokhazikika.

Ndipo liwiro lofunikalo si lalikulu monga mmene anthu amaganizira. Liwiro la intaneti limayezedwa mu Mbps, ndipo 720p, 1080p ndi 4K ndi milingo ya kuoneka bwino kwa chithunzi, kuyambira wotsika mpaka wapamwamba. Netflix imalangiza 3 Mbps pa 720p, 5 Mbps pa 1080p, ndi 15 Mbps pa 4K. YouTube imati 4K imafuna pafupifupi 20 Mbps. Nditadziwa manambalawa, ndinali ndi poyambira.

Ndinaima pafupi ndi rauta, kabokosi kamene kamaulutsa Wi-Fi m'nyumba, foni m'manja, n'kutsegula fast.com, tsamba loyezera liwiro limene Netflix inakhazikitsa mu 2016. Liwiro linali labwino, lokwanira 4K n'kutsalako. Kenako ndinapita kukaima pomwe pali TV n'kuyezanso. Linatsika kwambiri. Pamenepo ndinadziwa kuti laini yobwera m'nyumba si imene ikulakwa. Komabe foni si TV, choncho ndinayezanso mu TV mwenimwenimo. Mu Netflix muli gawo la Get Help, ndipo m'menemo muli Check your network. Mu YouTube, kanema akamasewera, mukhoza kuyatsa Stats for nerds, ndipo pamatuluka kabokosi koonetsa Connection Speed ndi Buffer Health. Buffer Health imakuuzani masekondi a kanema amene TV yasungiratu. Ndinakhala n'kumaiyang'anitsitsa: inkakwera pang'ono, n'kutsika, n'kutsika, ikafika pa ziro kanema n'kuima. Kabokosi kameneka ndi kamene kanandithandiza kuposa chilichonse, chifukwa ndikasintha chinthu, ndinkaona zotsatira zake pompo, osachita kungoganizira.

Ndisanayambe zazikulu, ndinazimitsa zonse moyenera. Kudina batani lozimitsa pa rimoti sikuzimitsa TV zenizeni. Ma TV ambiri amangogona, zonse zili chitsegukire mkati, kuti akayatsidwa asachedwe. Ndinazula pulagi pa soketi, n'kudikira mphindi imodzi, n'kuchitanso chimodzimodzi ndi rauta. Zinathandiza madzulo amenewo okha. Mawa lake vuto linabwerera.

Ndiye ndinalimbana ndi Wi-Fi. Rauta inali m'chipinda china, pansi, kuseri kwa kabati, ndipo pakati pa iyo ndi TV panali makoma awiri. Ndinaikweza pamalo oonekera, ndipo Connection Speed inakwerako. Kenako ndinalowa mu settings za rauta. Mumatsegula browser n'kulemba adiresi yake, nthawi zambiri 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, adiresiyo pamodzi ndi pasiwedi zimalembedwa pa kastika kunsi kwa rautayo. Marauta ambiri masiku ano amaulutsa pa mafunde awiri, 2.4 GHz ndi 5 GHz. A 2.4 GHz amafika patali ndipo amaboola makoma bwinoko, koma pamenepo ndi podzadza: marauta a anthu oyandikana nanu, zipangizo za Bluetooth, ngakhale microwave, imene imagwira ntchito cha pa 2.45 GHz. A 5 GHz ndi othamanga komanso opanda phokoso lambiri, koma khoma limawafooketsa msanga. Rauta yanga inkagwiritsa ntchito dzina limodzi pa mafunde onse awiri, ndipo TV inkangodzisankhira 2.4 GHz. Ndinawapatsa mayina osiyana kuti ndizisankha ndekha. Pa 2.4 GHz ndinayesanso matchanelo a Wi-Fi 1, 6 ndi 11, chifukwa atatu amenewa ndi amene salowererana.

Zinasintha ndithu, koma osati mpaka kundikhutiritsa. Pa 5 GHz liwiro linkakwera bwino kenako n'kugwa mwadzidzidzi, makamaka wina akatseka chitseko kapena kudutsa pakati. Apa m'pamene ndinazindikira chifukwa chake foni inkachita bwino pamalo omwewo: kachipangizo ka Wi-Fi ka mu TV zambiri n'kofooka poyerekeza ndi ka mu foni yabwino, komanso kamakhala kuseri kwa sikirini, kopanikizika ndi khoma.

Chimene chinathetsa gawo lalikulu la vutoli ndi chingwe. Ndinatenga kebulo ya Ethernet ya mtundu wa Cat5e, kuilumikiza ku rauta, kuiyendetsa m'mbali mwa khoma mpaka kuseri kwa TV, kenako mu settings za netiweki n'kusankha Wired. Kebulo yotere imagwira bwino ntchito mpaka mamita 100, choncho kutalika kwa nyumba si nkhani. Musadabwe mukayeza n'kupeza kuti liwiro silipitirira 100 Mbps ngakhale laini yanu ili yoposa pamenepo. Ma TV ambiri polowera kebulo pawo malire ake ndi omwewo. Ena amadandaula nazo, koma ine sindiona vuto, popeza 4K ikufuna 15 kapena 20 yokha. Buffer Health inakwera n'kukhazikika. Ngati kuyendetsa chingwe n'kosatheka, pali ma powerline adapter amene amadutsitsa intaneti m'mawaya a magetsi a m'nyumba, ngakhale kuti kagwiridwe kake kamadalira mmene mawayawo alili.

Panatsala kuima kwa apo ndi apo, makamaka usiku. Ndinatsegulanso tsamba la rauta n'kuona mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa. Mafoni akaikidwa pa chaja madzulo, ankayamba kutumiza zithunzi ndi mavidiyo a tsikulo kukasungidwa pa intaneti, laputopu nayo ikukopera ma update. Kutumiza kumeneku anthu sakuwerengera, koma laini zambiri zili ndi liwiro lochepa potumiza kusiyana ndi polandira, ndipo njira yotumizirayo ikadzaza, ngakhale timauthenga ta TV topempha chigawo chotsatira cha kanema timachedwa pamzere. Ndinasintha nthawi yotumizira zithunzizo, ndipo mu rauta ndinayatsa QoS, njira yosankhira chipangizo choti chizitsogola pa laini, n'kuika TV patsogolo pa zina zonse. Si rauta iliyonse ili ndi QoS, koma ngati ilipo, yatsani.

Mukachita zonsezi koma liwiro la pa chingwe n'kumatsikabe usiku uliwonse pamene m'mawa lili bwino, vuto lili kunja kwa nyumba yanu: anthu ambiri akuonera nthawi imodzi ndipo laini ya kampani yapanikizika, kapena mwadutsa malire a data ndipo akuchepetserani liwiro. Lembani manambala a m'mawa ndi a usiku musanawaimbire foni. Mukangonena kuti "intaneti ikuchedwa", adzakuuzani kuti muzimitse rauta n'kuyatsanso.

Kwa ine panatsala pulogalamu imodzi yokha imene inkakakamirabe pamene zinzake zikuyenda. Pulogalamu imodzi ikamavuta yokha, netiweki ilibe mlandu. Pa Android TV ndi Google TV mumalowa mu Settings, kenako Apps, kusankha pulogalamuyo n'kudina Clear cache, imene imafufuta zinthu zimene pulogalamuyo inasunga mongoyembekezera. Pa ma TV ena njira yosavuta ndi kuichotsa n'kuiikanso. Ndinachita zimenezo, n'kuonanso ngati pali software update ya TV yeniyeniyo, ndipo inalipo. Ndinachotsanso mapulogalamu amene sindiwatsegula n'komwe, chifukwa malo osungira zinthu mu TV ndi ochepa.

Anthu ambiri amalangiza kusintha DNS kuika 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare. Ndinayesa, sindinaone kusiyana. DNS imangothandiza TV kupeza adiresi ya seva, siwonjezera liwiro la laini, choncho imathandiza kwenikweni ngati kanema akuchedwa kuyamba, osati akamaima pakati. Factory reset ndinaisiya dala. Imafuta zonse, ndipo ngati vuto lili pa Wi-Fi mudzangotaya nthawi kulembanso mapasiwedi. TV ikakhala yakale moti ngakhale menyu yake imachedwa kutseguka, kulumikiza kachipangizo monga Fire TV Stick kapena Roku pa HDMI n'kwanzeru kuposa kulimbana nayo.

Chinthu chomaliza chimene ndinasintha ndi kulemera kwa kanema weniweniyo. Pa YouTube, m'malo mosiya pa Auto kuti izikwerakwera n'kumatsika yokha, usiku ndimasankha 1080p. Pa Netflix zimenezi zimasinthidwa pa tsamba la akaunti, mu Playback settings ya profile iliyonse, ndipo iwo amanena kuti HD imadya mpaka 3 GB pa ola pamene 4K imafika 7 GB. Pa TV yosakula kwambiri, mutakhala pampando chapatali, kusiyana kwa 1080p ndi 4K maso anga sakuona, koma laini imapepukidwa kuposa theka.