Helikoputa imene inasintha bizinesi yathu ya madroni

Ine ndi alamu anga tinayamba bizinesi yojambula zithunzi ndi kupanga mapu kuchokera mumlengalenga tili ndi droni imodzi, mabatire atatu ndi kompyuta imene tinkachita kulandizana. Iwo anali atagwira ntchito yoyeza malo kwa zaka zambiri, ndipo ankadziwa kuti ntchito imene anthu anayi amathera masiku awiri akuyenda ndi zikhomo m'manja, droni ikhoza kuimaliza m'mawa umodzi dzuwa lisanatenthe. Ine mbali yanga inali kamera ndi mabuku a ndalama. Makasitomala athu oyamba anali makontilakitala ofuna kusonyeza eni ntchito pamene chimango chafika, eni minda ofuna kudziwa kukula kwenikweni kwa malo awo, ndi eni nyumba zosungiramo katundu amene sankafuna kukweza munthu padenga kuti akaone podontha.

Pokonza bizinesiyo tinawerengera mtengo wa zida, mafuta a galimoto, chilolezo chouluutsira droni ndi inshuwalansi. Chimene sitinachiwerengere n'chakuti dera limene tinkapezamo ntchito zambiri lili m'mbali mwa njira imene mahelikoputa a asilikali amadutsa pochoka ndi pobwerera kubwalo lawo. Tinkadziwa lamulo limene mayiko ambiri amatsata, lakuti droni isapitirire mamita 120 kuchoka pansi, ndipo tinkalikhulupirira ngati mpanda: ndege kumwamba, ife m'munsi, aliyense kwake.

Tsiku lina masana tinali pamalo ena omanga, kutali ndithu ndi mpanda wa bwalo la asilikalilo. Droni inali ikuyenda yokha m'mizere imene tinaikonzera, isanafike n'komwe pa mamita 120 aja, ndipo maso anga anali pasikirini kuona ngati zithunzi zikulumikizana bwino. Alamu anga ndiwo anayamba kumva mgugu. Anandigwira paphewa n'kukuwa kuti, "Alamu, tsitsani! Tsitsani msanga!" Ndisanamvetse chimene chikuchitika, helikoputa inatulukira kuseri kwa chitunda, ili m'munsi kwambiri moti ndinkatha kuona zisoti za amene anali mkatimo. Ndinakankhira droni pansi ndi zala zonjenjemera, helikoputa n'kudutsa. Sizinagundane, ndipo ndikukhulupirira kuti oyendetsawo sanaione n'komwe droniyo. Pulogalamu ya pafoni sinatichenjeze chilichonse, chifukwa pamapu ake malowo anali ololedwa.

Usiku umenewo tulo sitinabwere, ndipo ndinayamba kufufuza ngati zotere zinachitikapo kwina. Ndinapeza lipoti la bungwe lofufuza za ngozi ku America la NTSB lokhudza zimene zinachitika pa 21 Sepitembala 2017 pafupi ndi Staten Island ku New York. Helikoputa ya asilikali ya mtundu wa Black Hawk, imene inali m'gulu loteteza mzindawo pa nthawi ya msonkhano waukulu wa United Nations, inagundana ndi droni ya kampani ya DJI ya mtundu wa Phantom 4 pamtunda wa mamita pafupifupi 90 kuchoka pansi. Woyendetsa helikoputayo anaiona droniyo mochedwa, anayesa kuizemba koma sizinatheke. Phiko limodzi lalikulu lozungulira linaphwanyika pang'ono kutsogolo kwake, ndipo anakatera bwinobwino pabwalo la Linden ku New Jersey. Mwini droni anali pamtunda wa makilomita pafupifupi anayi, sankaiona droni yake ndi maso, sankadziwa kuti mlengalenga mwa deralo munali moletsedwa masiku amenewo, ndipo anangoganiza kuti droniyo yagwera m'nyanja. Anamupeza chifukwa cha nambala imene inali pachidutswa cha mota chimene chinatsakamira m'helikoputamo.

Chimene chinandilasa mtima m'lipotilo n'chakuti munthuyo sanali chigawenga. Anali munthu wokonda droni yake, wodalira sikirini ndi pulogalamu, monga momwe ndinalili ine masana aja.

Anthu ambiri akamva za madroni ndi ndege amaganiza za ndege zikuluzikulu zonyamula anthu, koma ndege zimenezo zimakhala m'munsi kwa mphindi zochepa chabe, ponyamuka ndi potera. Helikoputa, makamaka ya asilikali, ntchito yake yambiri imagwirikira m'munsi momwemo. Asilikali amaphunzira kuuluka motsata zigwa ndi mitengo, amaphunzira kutera pamalo opanikiza, ndipo amachita zimenezi ngakhale usiku. Sikuti nthawi zonse amaulutsa chizindikiro cha pamene ali choti zida za munthu wamba zichilandire, ndipo njira zawo sizilengezedwa monga ndandanda ya ndege za anthu. Komanso helikoputa ili ndi malo osachedwa kuvulala: galasi lalikulu lakutsogolo, mapiko ozungulira apamwamba, ndi mapiko aang'ono akumchira amene akawonongeka helikoputa imayamba kuzungulira yokha. Ena amati droni n'chimodzimodzi mbalame, koma mbalame ndi mnofu, nthenga ndi mafupa opepuka, pamene droni ili ndi mamota achitsulo ndi batire yolimba imene ingathenso kuyaka. Mu 2018 ofufuza a ku University of Dayton anaponya droni paphiko la ndege yaing'ono pa liwiro lofanana ndi la ndege youluka, ndipo droniyo inaboola phikolo n'kulowa mkati.

Patapita masiku ochepa tinalemba kalata kwa akuluakulu a bwalo la asilikalilo. Tinafotokoza kuti ndife yani, zida zathu ndi zotani, ndi zimene zinachitika, osabisa kanthu. Alamu anga ankaopa kuti kalatayo itilanditsa chilolezo, ndipo mantha awo anali omveka, pakuti bizinesi yonse inali itatsamira papepala limodzi limenelo. Yankho linachedwa, koma litabwera anatiitana, anatimvetsera mwaulemu, ndipo anatipatsa nambala yoti tiziimbira tisanauluutse droni m'dera lonse lozungulira. Sanatiuze za maulendo awo, ndipo ife sitinayembekeze kuti atero. Chimene amachita mpaka lero n'kutiyankha kuti inde, ayi, kapena dikirani mpaka ola lakutilakuti.

Kuyambira pamenepo tinasintha kagwiridwe kathu ka ntchito. Palibe ntchito imene munthu amapitako yekha: wina amayendetsa droni, wina ntchito yake ndi kuyang'ana kumwamba ndi kutchera khutu, osagwira foni kapena kucheza ndi kasitomala. Usiku woti mawa tikugwira ntchito timawerenga zidziwitso za oyendetsa ndege zotchedwa NOTAM, ndipo m'mawa timaziwerenganso, chifukwa malo akhoza kutsekedwa tsiku lomwelo. Tisananyamutse droni timagwirizana pamene tingaitsitsire mwadzidzidzi. Zonsezi zinakweza mtengo wa ntchito iliyonse, chifukwa malipiro a anthu awiri si a munthu mmodzi, ndipo tsiku limene tauzidwa kuti tidikire limakhala tsiku la mafuta opanda ndalama yolowa.

Tikadali mkati mozolowera zimenezi, kunabwera nkhani ya ku Gatwick. Kuyambira pa 19 mpaka pa 21 Disembala 2018 bwalo la ndege limeneli, lachiwiri kukula ku Britain, linakhala likutsekedwa chifukwa cha malipoti akuti madroni akuoneka pafupi ndi msewu wa ndege. Maulendo a ndege pafupifupi 1,000 anasokonekera, ndipo anthu pafupifupi 140,000 anakhudzidwa, Khirisimasi ili pakhomo. Asilikali anabweretsa zida zawo kudzathandiza, anthu awiri anamangidwa kenako n'kumasulidwa popanda mlandu, ndipo palibe amene anapezeka wolakwa. Mu Januwale 2019 nalo bwalo la Heathrow linaimitsa ndege zonyamuka kwa pafupifupi ola limodzi pachifukwa chomwecho, ndipo mu Malichi chaka chimenecho Britain inakulitsa dera loletsedwa mozungulira mabwalo a ndege kuchoka pa kilomita imodzi kufika pa makilomita asanu.

Ife sitinali ku Gatwick, koma nkhaniyo inatifika m'thumba. Makasitomala ena anaimitsa ntchito poopa kuti dzina lawo lingatchulidwe pa nkhani yoipa. Anthu odutsa, amene kale ankaima n'kumasirira droni, anayamba kutifunsa mokwiya ngati tili ndi chilolezo. Sindiwaimba mlandu, ndipo sindiimba mlandu oyang'anira bwalo amene amatseka msewu wa ndege chifukwa cha lipoti limodzi. Munthu amene ali pansanja yoyang'anira ndege sangadziwe ngati chowala chimene chaonekacho ndi chidole cha mwana kapena chida cha munthu wa zolinga zoipa, ndipo rada yopangidwira kuona ndege imavutika kusiyanitsa kanthu kakang'ono kouluka pang'onopang'ono ndi mbalame. Akalakwitsa potseka, anthu amachedwa ndipo ndalama zimatayika. Akalakwitsa potsegula, pakhoza kutayika miyoyo.

Chaka chimenecho chinali chowawa kuposa zonse. Kontilakitala wina amene ankatipatsa ntchito mwezi ndi mwezi anafuna zithunzi za nyumba imene ankamanga pafupi kwambiri ndi bwalo la asilikali, pa tsiku limene tinauzidwa kuti ayi. Tinamupempha kuti adikire masiku awiri, iye n'kupeza munthu wina amene anauluutsa droni madzulo omwewo osafunsa aliyense, ndipo sanatiitanenso. Miyezi itatu ine ndi alamu anga sitinadzilipire kuti wantchito wathu mmodzi alandire zake. Tinakanganapo ndithu, chifukwa iwo ankaona kuti ndikuumitsa zinthu mopitirira, koma pamapeto pake sanapemphe kuti tisinthe lamulo ngakhale limodzi, poti mgugu uja anayamba kuumva ndi iwo.

Chimene chinatidzutsa sitinachikonze. Kampani ina yaikulu yomanga, imene inshuwalansi yake inkafuna umboni wolembedwa wa ulendo uliwonse wa droni, inaona mabuku athu n'kutipatsa ntchito ya chaka chonse. Kenako inatipempha kuti tiphunzitse antchito ake amene anali atagula madroni awoawo. Umo ndimo munayambira gawo lachiwiri la bizinesi yathu, limene lero limatibweretsera ndalama zosalumpha mwezi kuposa zithunzi. Ophunzira amabwera akufuna kudziwa kuyendetsa droni, koma zimenezo amazigwira msanga. Nthawi yambiri timaithera pa kuwerenga mapu a mlengalenga, kudziwa woti afunsidwe, ndi kuima pabwalo n'kuloza kumene phokoso la ndege likuchokera.

Phunziro limene ndimalibwereza kwambiri n'lakuti pulogalamu ikalola droni kunyamuka, sizitanthauza kuti lamulo lalola. Kwa zaka zambiri madroni a DJI ankakana okha kunyamuka pafupi ndi mabwalo a ndege, ndipo anthu anazolowera kudalira zimenezo. Mu Januwale 2025 kampaniyo inasintha ku America, moti malo amenewo tsopano amangopereka chenjezo limene munthu angalinyalanyaze. Mwezi womwewo, pa nthawi ya moto wa ku Palisades ku Los Angeles, droni ya munthu wamba inagunda ndege yozimitsa moto yochokera ku Quebec n'kuiboola phiko, ndipo ndegeyo inakhala pansi masiku angapo nyumba za anthu zikupsa.

Ndiyenera kunena moona mtima kuti maphunziro athu amathetsa mbali imodzi yokha ya vutoli, mbali ya anthu osadziwa ndi osasamala. Mbali ina ndi ya dala. Mu Disembala 2023 madroni osadziwika anauluka pamwamba pa bwalo la asilikali la Langley ku Virginia usiku ndi usiku kwa masiku 17. Mu Novembala 2024 anaonekanso pa mabwalo a Lakenheath ndi Mildenhall ku England, amene asilikali a America amagwiritsa ntchito. Pa 22 Sepitembala 2025 bwalo la ndege la Copenhagen linatsekedwa kwa maola pafupifupi anayi, ndipo kumayambiriro kwa Okutobala la Munich linatsekedwanso. Nkhani iliyonse yotere ikamveka, foni yathu imalira, anthu akufunsa ngati timagulitsa zida zosokoneza mafunde a droni kuti igwe. Timakana, ngakhale phindu lake likanakhala lalikulu. M'mayiko ambiri munthu wamba saloledwa kugwiritsa ntchito zida zimenezo, ndipo chifukwa chake n'chomveka: mafunde omwewo amasokonezanso GPS ndi mauthenga a ena, ndipo droni yodulidwa kwa mwini wake imakagwera pamene palibe anasankha. Imeneyo ndi ntchito ya apolisi ndi asilikali.

Lero tili ndi madroni anayi ndi antchito asanu, ndipo awiri mwa iwo anayamba ngati ophunzira athu. Wantchito watsopano aliyense, ngakhale abwere ndi laisensi, amayamba ndi mwezi wathunthu woyang'ana kumwamba asanagwire chowongolera. Droni yathu yoyamba ija sitiigwiritsanso ntchito, koma timaitenga pa tsiku loyamba la maphunziro, n'kuichotsa batire ndi mota imodzi kuti wophunzira aliyense azigwire m'manja ndi kumva kulemera kwake. Alamu anga maondo awavuta tsopano ndipo sayendanso m'malo omanga monga kale, choncho ntchito yoimba foni kubwalo la asilikali m'mawa uliwonse anaitenga ndi iwo, ndipo galimoto sichoka pakhomo la ofesi asanalembe yankho m'buku.