Ndalama za misewu ndi nyumba ku Mangochi zimachokera kuti?

Msewu ukakumbika, anthu ambiri amathamangira kukalipira khansala. Nthawi zina amakhala akulakwira munthu wosalakwa, chifukwa misewu ya kuno ili ndi eni ake osiyanasiyana, ndipo aliyense ali ndi thumba lakelake.

Msewu wa M3 wochokera ku Liwonde, womwe umawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera ku Namwera mpaka ku Chiponde, uli m'manja mwa Roads Authority, bungwe la boma loyang'anira misewu ikuluikulu. N'chimodzimodzinso wa M10 wopita ku Monkey Bay. Ndalama zokonzera misewu yotereyi zimasungidwa ndi Roads Fund Administration, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2006. Zimachokera pa kamsonkho ka pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, komanso pa mageti olipiritsa galimoto a pa Chingeni ndi pa Kalinyeke. Ntchito zikuluzikulu zomanga msewu watsopano zimadalira bajeti ya boma kapena ngongole zakunja, n'chifukwa chake anthu a ku Makanjira akhala akudikira phula kwa zaka zambiri ngakhale khonsolo itafunitsitsa bwanji.

Misewu ya m'malokeshoni ndi ya kumidzi ndiyo ya makhonsolo, ndipo makhonsolowo ndi awiri: ya tauni ndi ya boma lonse la Mangochi. Lamulo la maboma ang'ono la mu 1998 linawapatsa mphamvu yotolera ndalama paokha: msonkho wa malo ndi nyumba, matikiti a pamsika, ziphaso za bizinesi, ndalama za pa depoti. Ndalama zimenezi zikatoleredwa, malipiro a alonda ndi osesa, mafuta a galimoto yotaya zinyalala ndi mabilu a madzi ndi magetsi zimadya gawo lalikulu. Yotsala siingagule ngakhale kilomita imodzi ya phula.

Pa msonkho wa nyumba ndi pamene pamatayika ndalama zambiri. Umawerengedwa potengera kaundula wa mtengo wa nyumba, yemwe amayenera kukonzedwanso pa zaka zisanu zilizonse. Kaundulayo akachedwa, nyumba yogona alendo yomwe inamangidwa dzana siipezekamo, ndipo sitolo yomwe inawonjezera zipinda imalipirabe mtengo wakale pamene simenti yakwera kangapo. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndimaona kuti khonsolo yosakonza kaundula wake ilibe chifukwa chokakamira mayi wogulitsa usipa kuti alipire tikiti tsiku ndi tsiku.

Ndalama zina za khonsolo zimachokera ku likulu kudzera ku National Local Government Finance Committee, komiti yogawa ndalama ku makhonsolo, monga thumba la chitukuko cha boma la DDF ndi thumba la CDF la dera la phungu, lomwe linayamba mu 2006. Vuto lake n'kuchedwa. Chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, nthawi yabwino kwambiri yogwira msewu chifukwa mvula yangosiya ndipo dothi likadali ndi chinyontho. Ndalama zikafika mu Novembala, kontirakitala amalowa pamsewu pamodzi ndi mvula.

Msewu wa dothi wokonzedwa bwino umayamba ndi ngalande mbali zonse ziwiri, ndi njira yotulutsira madzi kuti apite kudambo kapena kumtsinje. Pakati pa msewu payenera kutumphuka ngati msana wa ng'ombe, kutsika masentimita 4 mpaka 6 pa mita iliyonse kulowera kumbali. Kenako pamathiridwa dothi la miyala lokhuthala masentimita 15 likatsenderedwa, n'kuliwaza madzi makina otsendera asanadutse. Kuno dothi ndi la mchenga ndipo madzi apansi ali pafupi, choncho gireda ikangopala pamwamba osathira dothi la miyala, msewu umatsika kuposa mabwalo a nyumba n'kusanduka mtsinje. Makalavati ang'ono a masentimita 60 amatsekeka msanga ndi mchenga ndi mapepala apulasitiki. A masentimita 90 munthu amatha kulowamo ndi fosholo. Musalole kuti kontirakitala alipidwe zonse tsiku lotsekulira. Mgwirizano wabwino umasunga kagawo ka ndalama mpaka msewu utaona dzinja limodzi.

Za nyumba, tinene mosabisa: khonsolo ilibe thumba lomangira anthu nyumba. Thandizo lodziwika linali pulogalamu ya malata ndi simenti yomwe boma la Peter Mutharika linakhazikitsa mu 2014 kudzera ku unduna wa za malo ndi nyumba. Mabanja 80 pa dera la phungu aliyense ankalandira zipangizo, theka la mtengo n'kukhala ngongole yobweza pang'onopang'ono. Ambiri sanabweze poganiza kuti ndi mphatso ya ndale, ndipo thumba losabwezeredwa silizungulira. Nyumba zikagwa, monga pa namondwe Freddy mu Malichi 2023 kapena pamene nyanja inasefukira n'kulowa m'nyumba za m'mphepete mu 2024, khonsolo imalemba mayina n'kutumiza ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Chimabwera ndi ufa, mabulangete ndi mapepala ofolerera. Kumanganso kumatsalira mwini wake.

Chomwe khonsolo ingachite pa nyumba ndi ndalama zake zochepazo n'kudula mapuloti pamalo okwera, kukana mapulani a nyumba za m'dambo, ndi kukumba ngalande. Nyumba ya zidina siigwa kaamba ka mvula ya padenga. Imagwa madzi akaima m'munsi mwa khoma masiku awiri kapena atatu. Ngalande imodzi yopakidwa miyala ndi simenti imateteza msewu pamodzi ndi nyumba zonse za mzere umenewo.

Kuti ngalandeyo ilowe mu bajeti, iyenera kulembedwa kaye pa mndandanda wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kapena ya wodi kwa a m'tauni, bajeti ya chaka chotsatira isanatsekedwe. Ntchito ikayamba, pemphani chikalata chosonyeza kuchuluka kwa zipangizo ndi mitengo yake. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo limakulolani kuchipempha polemba kalata ku ofesi ya khonsolo. Mukachipeza, pitani pamsewu ndi tepi mukawerenge makalavati n'kuyeza kukhuthala kwa dothi la miyala.