Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Vitamini E wa m'zotsalira za saladi

M'gawo lapitali tinalekera pa deodoriser, makina omalizira kuyenga saladi (mafuta ophikira), pomwe ndinagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale ina ya ku Heavy Industrial Area, mu Lusaka muno. Lero tione zimene makinawa amalavula.

Mafuta a soya amatenthedwa madigiri 240 mpaka 260, mpweya utakokedwa pafupifupi wonse, kutsala ma millibar 2 mpaka 4, nthunzi ikudutsa mkati. Nthunziyo imachotsa fungo ndi ma fatty acid (asidi wa m'mafuta), koma imanyamulanso tocopherol, yemwe ndi vitamini E, mlonda woteteza mafuta kuti mpweya usawawononge. Zimenezi zikazizira mu scrubber, chipangizo chogwira zomwe nthunziyo yanyamula, zimakhala phala lofiirira lomata m'zala, lotchedwa distillate, makilo 2 mpaka 5 pa tani ya mafuta. Ngati mafuta a soyawo anayamba adutsa mu caustic soda, amene amachotseratu ma fatty acid ambiri, tocopherol amafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a phalalo. Chimandiwawa n'chakuti phala limeneli limangopita kwa opanga sopo pamtengo wozizira.

Kutulutsa tocopherol m'phalali kumayamba ndi kuthiramo methanol ndi sulphuric acid pang'ono, pa madigiri 60 mpaka 65, kuti ma fatty acid agwirizane ndi methanol n'kusanduka methyl ester, amene amauluka msanga kuposa tocopherol. Apa mdani ndi madzi. Ntchitoyo imabala madzi ake, ndipo akachuluka imaimira panjira, choncho distillate iyambe yaumitsidwa ndipo methanol akhale wopitirira muyezo. Mukaziziritsa, ma sterol, zinthu zina zonga phula za m'phalamo, amagwirana n'kusefedwa. Zotsala zimalowa mu short-path still, makina otchezera, momwe mafuta amangokhudza khoma lotentha kwa masekondi ochepa: ulendo woyamba umachotsa ma ester, wachiwiri umakweza tocopherol kupitirira theka.

Makina amenewa ndi odula, koma chuma chambiri chimatayika asanafikidwe n'komwe, pa thanki. Distillate yotentha ikakhala m'thanki ya chitsulo wamba, mpweya ukulowa, tocopherol amatha mwakachetechete chifukwa chitsulo chimafulumizitsa kuwonongekako. Pafunika stainless steel, nitrogen pamwamba kuti mpweya usalowe, ndi kutentha kongokwanira kuti pampu ikoke.

Kusakaniza nakonso kumapha mtengo. Distillate ya palm ndi ma fatty acid okhaokha pafupifupi, ndipo ikathiridwa pa ya soya imachepetsa mphamvu ya tocopherol wake. Ngakhale ya mpendadzuwa wa kum'mawa ikhale payokha: muli tocopherol wambiri wa mtundu wa alpha, pomwe soya ali ndi wa mitundu ya gamma ndi delta, amene ogula amawafuna potetezera zakudya. Musanasinthe mafuta mu deodoriser, popani scrubber yonse, lembani dramu lililonse mtundu wake ndi tsiku, ndipo labu iyeze musanatchule mtengo.