Lumbadzi mpaka Chileka ndi amayi

Lero tadzuka kusanache, cha m'ma 4 koloko amayi anali atasamba kale, avala chitenje chawo chopitira ku tchalitchi akuti munthu sukwera ndege ngati ukupita kudimba. Ulendo unali wa ku Blantyre kwa achemwali, kuti mawa amayi akaonedwe msana womwe umawavuta. Chaka chatha tinapita pa basi, makilomita 300 ndi kanthu pa M1, Dedza, Ntcheu, Zalewa, maola pafupifupi 5 atakhala malo amodzi, kufika pa Wenela miyendo inakana tinachita kuwatsitsa wina uku wina uku, ine misozi inalengeza tsiku limene lija. Ndye ulendo uno ana tonse tinasonkha ya ndege, olo mwezi uno tidyere bonya palibe kanthu.

Tanyamuka ku Area 25 ku Lilongwe cha m'ma hafu 5, mpaka ku bwalo la ndege la KIA ku Lumbadzi sipatali kwenikweni, koma kudikira ndye kunalipo, kuonetsa ma ID, kuyeza zikwama, kenako kungokhala pabenchi kuyang'ana wotchi. Amayi anakana kanjinga kokankha kaja, amvekere ndikadali ndi miyendo yanga iwe.

Ndege yake inali ija ya mapulopela. Itayamba kuthamanga anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa, milomo ikugwedera ndi pemphero, koma itangokhazikika m'mwamba anandisiya nkumata nkhope pawindo. Pansi minda yofiira ili zigambazigamba, utsi wa moto wolusa uku ndi uko, midzi ikungooneka ngati nyemba zomwazika pamphasa. Anandifunsa kuti nanga Dedza tadutsa kale? Ndinawauza kuti ndege sikhota ngati msewu, kuchoka Lumbadzi kufika Chileka mowongoka ndi makilomita pafupifupi 250 basi, iwo anangopukusa mutu. Tisanamalize ndi madzi omwe anatipatsa tinamva kuti timange malamba tikutsika, Shire uyo ali nyezinyezi kumunsi, kenako phiri la Michiru pafupi penipeni. Ndinayang'ana pafoni titatera, mphindi 45 sizinakwane bwinobwino.

Chitseko kungotseguka kutentha kunatilandira, paja Chileka ndi kotsika kusiyana ndi kwathu. Ndipo apa mpamene mtima wanga unakhala pansi, amayi anatsika masitepe aja okha, dzanja limodzi pachitsulo lina lanyamula kachikwama kawo, ine kumbuyo ndikungoyang'ana phazi lililonse.

Alamu anabwera kudzatitenga, pofika ku Chilomoni inali itadutsa 10. M'galimoto anayamba kuwerengera kuti kuchoka pakhomo mpaka pakhomo ndi maola oposa 4, kusiyana ndi basi kuli pati, ndalama zonse zija bola mukanagula mankhwala. Masamu awo ndi oona sindikukana, koma msana suwerenga choncho, pa basi amakhala opanikizika ulendo onse ndi mabampu omwe, lero akhala pampando osakwana ola, kwinako amatha kuyimirira, kuwongoka, kuyendayenda. Sindinawayankhe zambiri alamuwo, aona okha amayi akulowa m'nyumba osagwiridwa.

Madzulo ano tikudya amayi akuti chawawawa nchimodzi chokha, sitinaime pa Lizulu, afika kwa mwana wawo chimanjamanja opanda kachewere olo kabichi. Ndamuimbira mng'ono wanga, akubwera Lachisanu pa basi, ndamuuza agule ndowa imodzi.