Mkuwa, asidi ndi ulendo wa a Ira Remsen

Sabata yatha m'labotale tinathira nitric acid pa kachidutswa ka mkuwa. Asidi uja anachita thovu, n'kusanduka wobiriwira, kenako utsi wofiirira wa nitrogen dioxide unayamba kufuka m'kabati yokoka mpweya. Zonsezi ndinali nditaziloweza kale pokonzekera mayeso, koma kuziona ndi maso anga kunandikhudza kwambiri.

Aphunzitsi athu anatiuza kuti a Ira Remsen, katswiri wa kemisitiri wa ku America, anayambira pa zomwezi. Ali mnyamata anawerenga kuti asidiyu amadya mkuwa, ndiye anafuna kudzionera okha. Anathira asidi pa ndalama yamkuwa, utsi utawatsamwitsa anaitola ndi zala kuti aitaye panja. Zala zinapsa, thalauza imene anapukutirapo inabooka. Koma kuyambira tsikulo anadziwa kuti sayansi imeneyi amaiphunzira ndi manja.

Usiku womwewo ndinafufuza mbiri yawo. Anabadwa mu 1846, anatenga digiri ya PhD ku Göttingen ku Germany mu 1870, ndipo mu 1876 anakayambitsa dipatimenti ya kemisitiri pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore, yomwe inali itangotsegulidwa. Mu 1879, m'labotale mwawo, iwo ndi Constantin Fahlberg anatulukira saccharin, mankhwala otsekemera kuposa shuga. Chaka chomwecho anayambitsa magazini ya American Chemical Journal kuti ofufuza azikhala ndi kolemba zomwe apeza.

Chimene chandisowetsa tulo ndi cha 1901, pamene anavomera kukhala mtsogoleri wa yunivesite yonseyo. Poyamba zinandiwawa. Munthu wokonda labotale chotere n'kumakathera tsiku m'misonkhano, kuwerengera ndalama, kukambirana zosamutsira sukulu ku malo atsopano a Homewood! Ndinkaona ngati wasiya khasu m'munda.

Koma ndikakumbukira kabati ija yokoka mpweya, maganizo anga amasintha. Kuti ine ndiime pafupi ndi utsi wakupha osatsokomola n'komwe, pali wina amene anakhala mu ofesi n'kulimbikira kuti kabatiyo igulidwe, ikonzedwe ikawonongeka, komanso kuti aphunzitsi alembedwe ntchito. Ndikanakonda kuti woteroyo azikhala munthu amene anapsapo zala, wodziwa chimene wophunzira amasowa akaima patebulo.

A Remsen anamwalira mu 1927, ndipo phulusa lawo linaikidwa m'khoma la Remsen Hall, nyumba ya kemisitiri pa sukulupo. Mawa tikubwerera m'labotale kukayesa zinc, ndipo funso langa kwa aphunzitsi ndalemba kale: kodi iwo atapatsidwa ofesi angavomere?